Tsiku Limene Ndinamwa Tinta ya Impresora

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene anandisungira moyo, ngakhale kuti kwa masiku anayi pakamwa panga sipanali poti n'kuonetsa anthu.

Ine ndine mlembi wa mpingo wathu kuno ku Tsangano. Abusa amachokera ku Furancungo ndipo amatiyendera patalipatali. Akabwera, ana obatizidwa amachuluka, ndipo kholo lililonse limafuna kubwerera kwawo khadi ya ubatizo ili m'manja. Kusindikiza makhadiwo ndi ntchito yanga. Tsono Lachisanu lina, abusa akuyembekezeka Lamulungu, tinta, inki ya impresora, makina osindikizira a mpingo, inatha.

Katushu yake yeniyeni, kabokosi kokhala ndi tintayo, imapezeka ku Tete, ulendo wautali pa shapa, minibasi ya kuno. Ndinangopita kumsika kwa bambo wina wogulitsa mabatire ndi mawailesi.

"Iyi ndi mphwake wa yanuyo, achimwene," anatero akundipatsa katushu ina. "Mayi mmodzi, bambo okha ndiwo osiyana."

Nditaiika, impresora inalemba kuti siikuidziwa. Ndinaichotsa, kuipukuta ndi malaya, kuibwezera. Siikuidziwa. (Ndinamva pambuyo pake kuti eni ake amazipanga dala chomwecho, kuti zizilandira za kwawo zokha.) Ndinazimitsa n'kuyatsanso. Ndinapemphera, ndipo ndivomere kuti ndinangotsala pang'ono kuisanjika manja. Inaumitsabe mtima.

Apa m'pamene nzeru zanga zinandinyenga. Ngati ikudziwa katushu yakale, bwanji osasamutsira tinta m'menemo? Ndinaboola zonse ziwiri ndi msomali wamoto, n'kutenga kapaipi. Kwathu kuno aliyense amadziwa kusamutsa gazolina wa njinga yamoto: umayamwa pang'ono, akafika n'kulavula.

"Bambo a Marita, imeneyo si gazolina," anatero akazi anga ali pakhomo.

"Zamadzi zonse lamulo lake ndi limodzi, amayi."

Gazolina amachenjeza ndi fungo. Tinta sichenjeza. Inangofika yonse, lilime, mano, milomo mpaka ndevu. Sopo analephera, phulusa linalephera, mandimu anangowawa. Tinta yotsala ndinaidonthezera m'katushu yakale ija, koma impresora inati ndi yotha basi. (Imawerengera m'mutu mwake, siyang'ana m'mimba.)

Loweruka lonse tinakhala patebulo ine ndi akazi anga, kulemba makhadi pamanja ndi kaneta. Iwo ankangondiyang'ana pakamwa, ndipo kuyang'anako kunandipweteka kuposa mandimu.

Lamulungu ndinayenera kuitana maina a ana kutsogolo. Ndinayesa kuitana milomo ili yopana.

"A mlembi, kwezani mawu, makolo sakumva," anatero abusa.

Ndinatsegula pakamwa. Khanda limene linali pafupi linandiyang'ana n'kuyamba kulira madzi asanalikhudze. Amayi akwaya anabisa nkhope m'mipango, mapewa okha akugwedezeka.

Titatuluka, abusa anandikokera pambali.

"Mwadya chiyani, mbale wanga?"

"Tinta, abusa. Impresora inaikana."

"Inu ndiye mwailandira ndi mtima wonse."

Ana onse anapita ndi makhadi awo, olembedwa pamanja koma oona. Kunyada kwanga ndinalapa. Opanga impresora ndikuyesetsa kuwakhululukira, koma sindinafikebe. Ndiponso nthawi zina ndimaganiza kuti kapaipi kakanakhala kocheperako, zikanatheka. Mundipempherere.

Ambuye amene amatilandira osafunsa kumene tinachokera akusungeni inu nonse ndi mabanja anu, akupatseni mtendere pa ntchito za manja anu. Ameni.