Munga wa kampango m'phazi mwanga

Lolemba

Ndabwerako ku Blantyre. Phazi analilowetsa m'makina onga ng'oma yaikulu, n'kundipatsa kadisiki koti ndikapereke kwa adokotala kuno ku Mangochi.

Cholinga changa sabata ino n'chimodzi: apongozi amve ndi makutu awo kuti phazi ili si la khasu.

Chipondereni kampango m'boti ku Nkope ndimayenda chotsimphina. Ku Chowe, komwe ndili pa chikamwini, akuti ndi ulesi. Ati ululu wa phazi umadzuka ukaona munda wa apongozi, ukaona injini ya boti umagona. Bodza! Injini ndimakonza nditakhala pansi.

Lachiwiri

Adokotala alowetsa disiki. Phazi langa ilo pa kompyuta! Akulitembenuza ndi chala ngati chimanga chootcha. Akulisenda: khungu, nyama, mitsempha, mpaka kutsala mafupa okhaokha. Kutsegula injini osamasula bawuti n'kumeneku.

Atembenuzanso. Aima. Kuseri kwa fupa la kakolo, kanthu koyera, kosongoka.

Munga!

Akuti chithunzi chomwe anandijambula poyamba kuchipatala kuno chinkaona mbali imodzi yokha, munga unabisala kumbuyo kwa fupa. Ndakuwa mpaka anamwino abwera akuthamanga. Ndapempha kutembenuzako ndekha. Andilola. Andilanda phazi litayang'ana kumwamba.

Lachitatu

Oyenera kupepesa:
- amake Patuma, mkazi wanga, chifukwa cha kuseka kwawo kuja
- mlamu Yusufu, yemwe anandipatsa dzina loti Bwana Phazi
- sing'anga wa ku Makanjira, yemwe anati ndi nsanje ya anzanga n'kudya tambala wanga
- apongozi (awa ngakhale atangogwedeza mutu, ndilandira)

Mawa onse ku chipatala. Sing'angayo ayi, msewu wake ndi woipa.

Lachinayi

M'minibasi apongozi kutsogolo, ine kumbuyo kwenikweni, monga mwa ulemu. Koma kachipinda ka adokotala sikadziwa mwambo: mipando yathu yagundana.

Phazi litangotuluka pa kompyuta, apongozi adziphimba ndi mpango. "Ine ndione mkamwini atavula mpaka mafupa?"

Zimenezi sindinaziganizire. Ndanena mosabisa kuti sitinawononge ulendo kudzaona mpango. Amake Patuma andiponda phazi, labwinolo.

Kenako mpango watseguka pang'ono, diso limodzi. Adokotala atembenuza pang'onopang'ono, akuza kamungako mpaka kukhala ngati mkondo.

"Ulipodi," atero apongozi.

Ulipodi! Mawu amenewa akawalembe pamanda anga.

Apongozi akufunsa adokotala motsitsa mawu ngati ungatuluke. Adokotala akuti tsopano akuona polowera, mawa lomwe autulutsa. Apongozi athokoza kwambiri. Kuthokoza kwake kwandiopsa.

Lachisanu

Wochita opaleshoni wayamba ndi kutembenuza phazi la pa kompyuta, kenako n'kulemba chizindikiro pa langali. Kabala kakang'ono, kochititsa manyazi munthu wovutika nthawi yonseyi. Ndinkayembekezera chipsera choonetsa anthu.

Munga uli m'kabotolo. Ku mapemphero a Juma sindinapite, koma kabotolo kapita ndi Yusufu. Akuti atatuluka mumzikiti kanayenda dzanja ndi dzanja, ndipo ena akunena kuti kampango wake anali wamkulu ngati bwato. Sindikutsutsa.

Loweruka

Pakhomo padzaza anthu. Nkhuku yaphedwa, ntchafu zonse ziwiri zanga. Yusufu wapepesa pagulu. Dzina la Bwana Phazi ndamuuza alisiye lilipo, tsopano likumveka bwino.

Apongozi atuma mawu kudzera kwa mwana wawo: mkamwini wawo sanama. Ndaimirira kuti ndilongosole bwino mmene phazi limatembenukira, n'kuzunguliranso ndekha kuti amvetse. Chidendene pansi. Bala likuwawa, inde, koma kubaya kuja kulibe!

Ndakumbukira kutsimphina mochedwa. Apongozi anali pakhonde, opanda mpango kumaso.

Lamulungu

Mitambo yayamba kusonkhana kumapiri. Adokotala anati bala lipola mvula isanagwe. Anauza apongozi, osati ine.

Kwafika mphatso yokulunga m'thumba, ya "wodwala wathu". Khasu. Latsopano, mpini wake wopalidwa bwino.

Ndauza amake Patuma kuti msana wayamba kundipweteka. Akuti palibe vuto, tikautembenuza pa kompyuta.

Msana wasiya.