Mkamwini wa a Manase

Ku Ngara kunalibe nsomba yogulitsidwa a Manase asanaisuzumire. Anthu pamsika amafunsa mtengo, koma iwo ankangofika, kutukula makha a kampango ndi chala, n'kuyang'anamo ndi galasi lawo lokuzira zinthu. Ankasaka nsabwe za nsomba, tizilombo toyamwa magazi tija ena amangopala ndi mpeni. Akapeza kamodzi, ankakawerenga miyendo, kukatembenuza, n'kukaponya m'kabotolo ka kachasu. Eni ake osalawako ngakhale dontho, moti zidakwa zinkadandaula kuti mkuluyu akuwononga mowa.

Amene ankaona nazo zakuda anali Mwajuma, mayi wa ku Mangochi wogulitsa nsomba m'mbali mwa msewu.

"Mama Mwajuma, batala wanuyu ali ndi alendo!" ankafuula a Manase, nkhope ili mwee ngati alandira mdzukulu.

"Bambo inu, tsitsani mawu. Anthu akumva!"

"Amve! Onsewa ndi aakazi, taonani mimbazo."

Namwino wina amene anali atasankha kale batalayo anamubweza pathebulo n'kumapita.

Botolo limodzi silinkachoka m'thumba la jekete lawo. Munali kansabwe ka dontho lofiira pamsana. Ankati n'kakakazi, ndipo kamphongo ka mtundu umenewo anali asanakaonepo. "Mwana wangayu ndi mbeta," ankatero. "Ndisanafe ndimupezera mwamuna."

Tsiku lina anathawitsa anthu odzagula ndiwo za ukwati, beseni lonse kutsala. Mwajuma zinamukwana.

"Chokani! Chala chanucho chisadzakhudzenso nsomba zanga!"

A Manase anavula chipewa. "Yewo, mama," anavomera mwaulemu, n'kuchoka. Kuyambira pamenepo ankadutsa chapatali, khosi lokha litakhotera kubeseni. Mwajuma ankati adzawaitana mtima ukatsika, koma chibayo chinayamba ndicho kuwaitana.

Maliro atatha, m'mawa wina akutumbula kampango, Mwajuma anaona kadontho kofiira m'makha. Pamimba pa kansabweko panamatirira kena kakang'onong'ono, monga momwe malemu ankafotokozera. Kalanga ine! Anakaika pambale n'kuthamangira kwa mayi Lois, mkazi wa malemu.

"Amama, botolo lija lili kuti? Mwamuna uja wapezeka!"

Mayi Lois anayang'ana m'mbalemo nthawi yaitali. "Tinawaika nalo, mwana wanga. Linali m'jekete."

Mwajuma analira kuposa momwe analirira pamaliro. Kenako mayi woswali kumzikiti ameneyu, wosakhudza mowa chibadwire, anakaima pakhomo pa otcheza kachasu atanyamula kabotolo, mudzi wonse kukamwa yasa.

Masiku ano nsomba zikuyenda bwino ku Ngara. Palibe wofuula, palibe wothawitsa ogula, ndipo msika wake sukomanso. Kabotolo kaja kamakhala pathebulo pa Mwajuma, pafupi ndi mpeni. Mlendo akafunsa kuti n'chiyani, iye amayamba wapukuta manja.

"Ndi mkamwini wa a Manase," amatero. "Ndinamuchedwetsa ndine."