Mzamba Amene Kunalibe

M'mudzi wina, umene dzina lake tilisunga poopa kuchititsa ana ake manyazi, munali bambo Chikakwiya, amene anadzipatsa okha udindo wa Mtsimikizi Wamkulu wa Anthu Enieni. Anali ndi chidindo, tebulo logwedera, ndi lamulo limodzi: munthu ndi munthu pokhapokha atabwera ndi mboni imene inamuona akubadwa. Wopanda mboni, munda wake unkapita ku ofesi, ndipo ofesiyo inali bambo Chikakwiya omwewo.

Ambiri sanavutike. Ankangotenga mayi Nachisale, mzamba amene anabadwitsa pafupifupi mudzi wonse, kukawachitira umboni. Kenako linafika tsiku la mzambayo.

"Mboni yanu ili kuti, mayi?" anafunsa Mtsimikizi.

"Amene anandiona ndikubadwa ali kumanda onse."

"Ndiye sitingadziwe ngati munabadwa."

"Iwe Chikakwiya, mchombo wakowo ndinadula ndine!"

"Pano si m'chikuta, mayi. Ndi pa ofesi."

Chidindo chinagwa, phaa! Mayi Nachisale kulibe. Dimba lawo la nzimbe ndi mpiru, limene linkawadyetsa, linapita ku ofesi tsiku lomwelo. Zimandinyansa kunena kuti onse aja mzambayo anawachitira umboni anangoyang'ana pansi, aliyense atafumbata kapepala kake kotsimikiza kuti ndi munthu. Anaiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mbiri ya lamulolo inafika kutali. Akuluakulu anabwera pa galimoto kudzakweza bambo Chikakwiya kuti atsimikize anthu a dera lonse. Koma wamkulu wa alendowo anali munthu wokonda ndondomeko.

"Tiyambe ndi inu, bwana. Mboni yanu?"

Makolo a bambo Chikakwiya anali atamwalira kalekale. Mtsimikiziyo anathamangira kwa mzamba uja n'kubwera naye atamugwira dzanja mwaulemu.

"Amayi anga, auzeni kuti munandiona ndikubadwa."

"Ndikanakonda, bambo," anatero mayi Nachisale, "koma munalemba nokha. Ine kulibe."

Mlendoyo anatsegula kaundula, napeza kuti n'zoona. Anabwereka chidindo chomwe chija, phaa!

M'mawa mwake mayi Nachisale anali m'dimba lawo, akupalira mpiru ndi mnzawo Nankhoma. Bambo Chikakwiya anatulukira akukalipa.

"Chokanimo! Dimba la ofesi limeneli!"

Mzambayo sanatukule n'komwe mutu.

"Anankhoma, mwamva munthu akulankhula? Kapena ndi mphepo m'nzimbemu?"