Kukadya ndi Asewere ku Porto

Lolemba, 9 Juni 2008

Tadala waimba foni ndili pa bureki ku wodi. Makolo a Rui, mnyamata akufuna kumukwatira uja, andiitana ku Porto, kwawo kwa Apwitikizi, Loweruka lino. Ati tikadziwane pa chakudya. Osati kunyumba kwawo ayi, ku lesitilanti yapamwamba yoyang'ana mtsinje, kumene munthu amakukokera mpando ngati wodwala. Tikiti mwanayu wagula kale. Bambo ake awakaniza holide ku weyahausi kumene amagwira ntchito, ndiye mtundu wonse ndikauimira ndekha.

"Just be yourself, Mum." Chikundiopsa ndi chomwecho!

Zoti ndiphunzire sabata ino:
mafoloko
moni wa Chipwitikizi
kutafuna osamveka

Lachiwiri, 10 Juni

Ndandandalika mafoloko ndi mipeni yonse ya m'nyumba muno pa tebulo. Tadala akuti umayambira kunja kulowa mkati. Kunja kwa chiyani? Ndikuyeserera ndi nsawawa. Zina zathawira pansi pa firiji, imodzi yagwera mu tiyi wa bambo ake.

"Amayi, opareshoni imeneyi wodwala achira?" Iwo kuseka n'kosavuta, sakupita.

Manja awa amapeza mtsempha pa mkono wa gogo wonenepa, lero foloko yawakanika!

Lachitatu, 11 Juni

Mapemphero a pakati pa sabata kutchalitchi kwathu ku Nechells. Tikuweruka ndawagwira a Zuze, kwawo ku Angonia, amene amati Chipwitikizi anachiyamwira. Andiphunzitsa mawu aatali okoma. Ndikuwabwereza m'basi njira yonse, anthu akundiyang'ana.

Ndamuimbira Tadala kuti amve. Kenako Rui akumveka chapatali, akuseka mpaka kutsokomola. Ati ndanena kuti, "Bwana, ndisiyeni ndidutse, njingayi ndi yanga."

Ndawaimbira a Zuze. "Aaa mayi, changatu ndi cha pa bodala."

Moni ndamusiya. Ndikangomwetulira basi.

Lachinayi, 12 Juni

Tadala wandiwerengera zakudya za kumeneko. Zonse za m'nyanja! Zina za miyendo isanu ndi itatu, zina zokhala m'zigoba. Nkhuku sanaitchule n'komwe.

Sindikufuna kukadzidzimukira pamaso pa asewere, ndiye ndapita kumsika wa nsomba m'tauni kukagula maprawns, tinkhanu ta m'nyanja tija. Tili ndi ndevu. Tikundiyang'ana. Ndakazinga ndi adyo, ndatsinzina, ndalawa kamodzi. Koma ndi tokoma! Ngati ziwala zonona. Ndamaliza mbale yonse, ndi foloko, osagwetsa n'kamodzi komwe. Mwina ndikwanitsa!

Mlomo ukuyabwa pang'ono. Ndi adyo ameneyu.

Lachisanu, 13 Juni

Si adyo.

Mlomo wam'mwamba wafika pamphuno. Maso atsala timing'alu. Ine namwino wathunthu, osaganiza kuti thupi lingakane chakudya chimene silinachionepo!

Bambo a Tadala athamangira nane ku chipatala chomwe ndimagwira ntchito. Wondilandira ndi namwino mnzanga, wa ku Chipata. Wandizindikira ndi nsapato. "Mwakangana ndi njuchi, sisita?" Dokotala wandibaya jakisoni, akuti kuuluka ndikhoza, koma za m'zigoba ndisadzakhudzenso moyo wanga wonse, ndipo sabata ino ngakhale nsomba ndiyambe ndasiya.

Tadala sindimuuza. Mwina pofika mawa ziphwa. Ambuye, ziphwe!

Loweruka, 14 Juni

Sizinaphwe.

Pa eyapoti ya Porto mwana wanga wandidutsa kaye, kenako n'kubwerera. "Mum! What did you do?"

Lesitilanti: nsalu zoyera mbee, matambula atatu pa munthu mmodzi, anyamata operekera zakudya oyenda ngati ali m'tchalitchi. Mbale yaikulu ngati beseni, chakudya pakati pake ngati piritsi. Yoyamba ya m'nyanja, ndabweza. Yachiwiri, ndabweza. Yachitatu akuibweretsa akundiyang'ana ndi mantha. Kumwetulira kukukanika, mlomo sukusuntha. Maso akungotuluka misozi okha.

Mayi a Rui andiyang'anitsitsa, aika foloko pansi, n'kuyamba kulira nawonso! Asendeza mpando, andigwira dzanja lamanja, salisiyanso. Bambo a Rui akupukuta magalasi. Mkulu wophika watuluka yekha kukhitchini, nkhope ili gwaa, n'kunditumizira supu ya masamba. Ndikumwa ndi dzanja lamanzere. Theka likutsikira pa diresi langa latsopano la chitenje.

Tadala wayang'ana mtsinje. Mapewa akugwedezeka. Kaya akulira, kaya akuseka, sindikufuna kudziwa.

Lamulungu, 15 Juni

Pa eyapoti, m'mimba muli kulira, ndikudya buledi wouma.

"They love you, Mum." Ati mayi a Rui sanaonepo mayi wokonda mwana wake chonchi, mpaka kulira nkhope kutupa, chakudya osalowa. Tadala wawafotokozera za maprawns kawiri konse. Iwo ati azimayi tonse timanama choncho tikamabisa chisoni.

Tsono bambo a Rui zawakhudza kuti mlendo wabwerera ndi njala. Alankhula kale ndi mwini lesitilanti ija. Phwando la ukwati lidzachitikira pomwepo chaka chamawa, kuti ndidzalawe zonse ndabweza zija mtima uli m'malo.

Ndati zikomo. Nanga ndikanati chiyani?