Magitala Pamwamba pa Apongozi

Kunyumba kwathu kuli nyimbo imodzi imene ikangoyamba kulira, ine ndimatuluka panja kukaona mbuzi, ngakhale mbuzizo zili phee m'khola. Chomvetsa chisoni n'chakuti nyimboyo ndi ya gulu limene ndinkalikonda kuposa munthu aliyense ku Chezi kuno, ndipo amene amailiza ndi akazi anga, amayi a Tereza, amene kale sankafuna n'kulimva komwe.

Gululo linali la Ziphaliwali. Achinyamata a lero simungalidziwe. Anali anyamata a magitala a magetsi, oliza mokalipa ngati chigayo chatsopano, ndipo ife tili achinyamata tinawamva pa wailesi kwa kanthawi kochepa, kenaka zii. Ena ankati vuto linali tsitsi lawo lalitali ndi mabuluku otambalala kumapazi, ena ankanong'ona kuti m'nyimbo ina munali mawu amene akuluakulu sanawakonde. Masiku amenewo munthu sunkafunsa. Tinangotsala ndi nyimbozo m'mutu, n'kumaziimba chapansipansi posoka fodya m'chigafa.

Matipate atabwera, zinthu zambiri zobisika zinayamba kutuluka. Tinamva kuti matepi akale a Ziphaliwali apezeka m'bokosi kwa mkazi wamasiye wa woimba ng'oma wawo, atachita nguwi, ndipo akatswiri ena awatsuka bwinobwino n'kuwaika pa kaseti. Ine nkhaniyi inandisowetsa tulo. Ndinauza aliyense, ngakhale osandifunsa, kuti tsopano dziko lamasukadi. (Riferendamu ija sindinaivinire ngati mmene ndinavinira nkhani imeneyi, ndivomere.)

Ndisanapitirire, ndikuuzeni za kaseti ina. Apongozi anga aakazi atatsala pang'ono kudwala matenda amene anawatenga ku chipatala cha Mtengowanthenga, mlamu wanga wina anabwera ndi wailesi kuchokera ku Joni n'kujambula mawu awo pa kaseti ali pakhonde. Anaimba nyimbo zawo za pamtondo, anatchula ana awo mmodzimmodzi, anafotokoza za makolo awo ku mapiri a Ntchisi. Chithunzi chawo tinalibe. Kasetiyo ndiyo inali zonse. Amayi a Tereza ankaisunga m'sutikesi, itakulungidwa mu duku wa malemuwo, ndipo inkatuluka kamodzi pachaka, mu Novembala, mwezi umene ife Akatolika timakumbukira akufa. Chaka chimene Ziphaliwali zinatuluka pa kaseti, mng'ono wawo, a Naphiri aang'ono, ankabwera kuchokera ku Ntchisi ndi ana awo amene anali asanamvepo mawu a agogo awo.

Kutatsala tsiku limodzi kuti alendowo afike, ndinapita ku golosale ya a Chadza kukagula mabatire. Ndisanafike n'komwe, ndinamva gitala lija la Ziphaliwali. Aphunzitsi a Kamzati, amene ankaphunzitsa kutali cha ku Ntchisi, anali atabwera ndi kaseti ya Ziphaliwali kuchokera ku Lilongwe, ndipo podikira matola anaiika mu wailesi ya a Chadza, yaikulu ija yolowa makaseti awiri.

Pakhonde pa golosale panali podzaza. Bambo wina wa imvi ankalira osabisa, akuti nyimboyo inamukumbutsa mnzake amene anapita ku migodi osabwerako. Mkulu wa mpingo wina ankanena kuti magitala otere ndi a mdyerekezi, koma phazi lake lakumanja linali litapanduka kale, likugunda pansi. A Lunguzi, amene sagwirizana ndi chilichonse chatsopano, anapukusa mutu.

"Aichapa mpaka yasuluka," anatero. "Ziphaliwali zenizeni zinkamveka ndi kaphokoso kangati mvula pa malata. Izi zayera kwambiri, si zomwe zija."

"Kaphokoso kaja kanali ka wailesi yanu yakutha, a Lunguzi," ndinawayankha, anthu n'kuseka.

Anyamata ongokula kumene ankangotiyang'ana. Wina anafunsa kuti, "Ndiye zimene mwakhala mukutisokosa nazo zaka zonsezi ndi zimenezi?" Ndinalibe naye nthawi. Ndinali ndili pakati pa bwalo, ndikuvina ndi msana umene m'mawa womwewo ndinauza akazi anga kuti sungathe kugwira khasu.

Aphunzitsi anatiuza kuti m'tauni makasetiwo anatha tsiku lomwe anafika. Ndinawakokera pambali n'kuwapempha kuti andilole kujambulako.

"Palibe vuto, bambo a Tereza," anatero. "Koma matola akangotulukira pakona paja, kaseti yanga ikhale ili m'thumba mwanga. Yopanda kanthu muli nayo?"

A Chadza analibe makaseti ogulitsa. Koma ndinakumbukira kuti kunyumba ndinali ndi ina yakuda imene ndinajambulapo msonkhano wa ndale nthawi ya kampeni, malonjezo okhaokha a misewu ndi milatho. Ndinakwera njinga ngati wothamangitsidwa.

Kunyumba kunalibe munthu, amayi a Tereza anali ku chigayo. Pachingwe panali patayanikidwa duku wochapidwa kumene. Ndinamuona ndithu, mpaka ndinawerama kuti ndidutse pansi pake. (Dukuyo ndimamuonabe m'maso mpaka lero. Munthu wanzeru akanaima pamenepo n'kudzifunsa kuti chimene chimakhala m'kati mwa duku ameneyu chili kuti.) Ndinalowa m'nyumba, ndinaona kaseti yakuda yopanda zolemba ili pawindo pafupi ndi wailesi yathu yaing'ono, ndinaitola, ulendo.

Ku golosale ndinaika ya aphunzitsi mbali ina, yangayo mbali ina, n'kudina batani lofiira lojambulira. Linakana. Ndinadinanso ndi chala chachikulu. Linakanabe. A Chadza anaitulutsa n'kuiyang'ana pamwamba. Kwa amene munabadwa mochedwa, kaseti imakhala ndi timano tiwiri ta pulasitiki pamwamba pake, ndipo ukatithyola wailesi imakana kujambulapo china.

"Iyi ndi yothyola mano," anatero a Chadza. "Amene anathyola sankafuna kuti ifufutidwe. Mwaimvetsera kaye?"

"Ndi msonkhano wa ndale, a Chadza. Mabodza okhaokha. Manowo athyola ndi ana."

"Tangoimvani pang'ono, sizitenga nthawi."

Ndinaidina kuti ilire. Munamveka phokoso la mphepo, nkhuku ikulira patali, anthu akung'ung'udza ngati akukhazikika pansi. Aphunzitsi anali akusuzumira kumsewu. Ndinazimitsa msanga.

"Mwamva? Anthu akusonkhana. Msonkhano womwe uja."

Apa ndiye pamene ndinaonetsa ukatswiri wanga. Ndinang'amba kapepala pa paketi ya shuga, ndinakatafuna, ndinakaumba timibulu tiwiri n'kutseka timabowo tija ndi kamtengo ka machesi. Batani lofiira linalowa mofewa. Anthu anaombera m'manja, ndipo ine, m'malo mongokhala chete, ndinayamba kuphunzitsa anyamata aja mmene amachitira. Ndinawauza kuti palibe kaseti imene ingakanike munthu wodziwa zinthu. Tinajambula mbali yoyamba, ndinatembenuza ndi manja angawa, tinajambula yachiwiri. Nyimbo yomaliza itangotha, matola anatulukira pakona. Ndinaona ngati Mulungu ali mbali yanga.

Nditafika kunyumba ndinapeza amayi a Tereza akuyanika ufa pa mphasa. Ndinaika kasetiyo mu wailesi yathu, ndinakweza mpaka kumapeto, n'kuwaitana kuti abwere amve zinthu. Analowa akupukuta manja. Sanamvetsere nyimbo. Anayang'ana pawindo, kenaka anayang'ana kagalasi ka wailesi mmene kaseti inkazungulira. Pakona pake panali kamtanda kakang'ono kozokotedwa ndi singano, kamene ine sindinakaone tsiku lonselo.

"Bambo a Tereza, kaseti imeneyi mwaitenga pati?"

"Pawindo."

"Ndinaiika pamenepo kuti ndichape duku wa amayi."

Gitala linkakalipabe. Ndinafuna kuzimitsa koma dzanja silinadziwe batani. Iwo sanakalipe. Anatuluka, anayanula duku uja, anamupinda bwinobwino n'kukhala naye pamiyendo kuseri kwa nkhokwe. Ndikanakonda akanandigenda ndi mbale. Kaseti yanga ya msonkhano ndinaipeza pambuyo pake pansi pa bedi, mano ake onse ali gwa, malonjezo onse ali momwemo.

M'mawa mwake ndinadzuka ndi nzeru ina. (Nzeru zanga zimabwera zambiri, vuto ndi nthawi imene zimabwerera.) Ndinaganiza kuti ngati akatswiri anatha kudzutsa Ziphaliwali m'nguwi, ndiye kuti wina angathe kuchotsa magitalawo pamwamba, apongozi n'kupezeka pansi pake. Ndinapalasa njinga mpaka ku Dzaleka, kumene kale tinkaopa ngakhale kulozako chala poti kunali ndende ya andale, koma tsopano kunali anthu othawa nkhondo, ndipo mmodzi wa iwo ankakonza mawailesi. Anandimvetsera mofatsa, Chichewa chake chili chopereweraperewera, n'kundibwezera kasetiyo ndi manja awiri.

"Bambo, chinthu chikakhala ndi fumbi timapukuta. Koma ichi simunaphimbe. Munachotsa."

Njinga inalemera pobwerera. Ndinafika dzuwa litapendeka, ndipo alendo anali atafika kale, atakhala pakhonde. Nkhani anali ataimva. A Naphiri aang'ono, amene masiku onse timaseka nawo za chilamu, anandilonjera mwaulemu wonse, kenaka anati, "Alamu, amayi ali moyo munkawathawa panjira, mukalowa patchire mpaka minga kukubayani. Lero ndiye mwawathamangitsa ndinu." Ananena moseka, koma maso anali ofiira.

Ndinayamba kupepesa. Amayi a Tereza anandidula.

"Ikani kasetiyo. Anthuwa ayenda ulendo wautali kudzamva kaseti. Aimve."

"Koma amayi a Tereza, mulibe..."

"Ikani."

Sindinaonepo anthu akumvera Ziphaliwali mmene tinazimverera tsiku limenelo. Banja lonse linakhala pa mphasa, mitu ili pansi ngati pasiwa, magitala akung'amba mpweya. Kamwana kena kanadzuka n'kuyamba kugwedeza m'chiuno, mayi ake n'kukakhazika pansi ndi diso lokha. Mbali yoyamba itatha ndinaganiza kuti chilango chakwana, koma akazi anga anangoti, "Tembenuzani." Nyimbo zimene ndinazilira zaka zonse zija zinali zitatalika modabwitsa. Woimba gitala akayamba kudzionetsa, ine ndinkamupempha chamumtima kuti afupikitse.

Nyimbo yomaliza inatha. Ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse, koma amayi a Tereza anandigwira pamkono. Tepi inali itatsala pang'ono. Munamveka kugunda, phokoso la mphepo, kenaka kuseka kwa munthu wachikulire, kuseka kuja kothera m'chifuwa.

"Kodi chikumvabe chinthuchi? Iii, basi, ndatopa ine. Zimitsani, ana inu, mukutha mabatire."

Kaseti inafika pamapeto, batani n'kudumpha lokha.

A Naphiri aang'ono anaphimba nkhope ndi chitenje. Mwana wawo wamkulu anafunsa ngati amenewo ndiwo agogo, ndipo amayi a Tereza anati inde, ndi amenewo. Anatenga bolopeni, anabweza tepi pang'ono, tinamvanso. Tinamva kangapo mpaka mabatire anafookadi. Nyimbo za pamtondo, mayina a ana, nkhani za makolo a ku Ntchisi, zonsezo zinapita ndi timibulu tanga ta pepala la shuga. Ine ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire, ndipo sanathe mpaka pano.

Kasetiyo inabwerera mu duku wake. Timapepala tija akazi anga anatizula ndi singano ine ndikuona. Novembala aliyense amaitulutsa, ndipo popeza bolopeni silondola bwino, nthawi zambiri amabweza mopitirira n'kuyambira pakati pa nyimbo yomaliza ija. Pano amaidziwa yonse. Tsiku lina ndinawamva akuing'ung'udza akupeta chimanga, ndipo sindinadziwe ngati ndiseke kapena ndikabisale.

Ku golosale mkangano uja sunathe. A Lunguzi akuumirirabe kuti Ziphaliwali anazichapa mopitirira, ndipo anthu akafuna woweruza amatembenukira kwa ine, poti ndine ndinali katswiri. Ndimangoti sindikudziwa, makutu anakalamba. Anyamata aja ena amandithokozabe chifukwa cha nzeru ya pepala, ndipo ndimawauza kuti chinthu chikakukana kawiri, uzipita kukafunsa kunyumba. Amaseka, amaganiza kuti ndi nthabwala.

Ndiye gitala lija likayamba, ine ndimapita ku mbuzi. Koma khola lathu lili pafupi ndi windo, ndipo sindipita patali. Ndimaima pamenepo mpaka nyimbo ithe, ndimve kuseka kuja. Apongozi anga ali moyo sanandilankhulepo maso ndi maso, monga mwa mwambo wathu. Mawu awo onse amene atsala padziko lino ndi amene ine ndinalephera kufufuta chifukwa nyimbo zinatha msanga.