Nkhondo ya Kasha Yolembedwa BALA

Khalani chete, inu mapiri a Angoniya. Iwe Domwe, vula chipewa chako cha nkhungu. Nanunso mphepo za mu Junyu, zong'amba milomo ya ana ndi kuumitsa makutu a akuluakulu, imani kaye pomwe mulipo, pakuti ndikuti ndinene za nkhondo imene inagwa m'chaka chija kachewere anabereka mpaka makamiyao, malole a ku Tete, ankachoka akulira ndi kulemera kwa matumba. Sinali nkhondo ya malire a munda, sinali ya mbuzi, sinalinso ya mkazi. Inali ya liwu limodzi la zilembo zinayi.

Kuseri kwa Fonte Boa, ulendo wa maola awiri pa njinga, kuli mudzi wokhala ndi kapela ya njerwa zootcha, ndipo mudziwo unali ndi mizati iwiri. Mzati woyamba unali a Sozinho, Mwini Pampu, Wowongola Zopindika, amene njinga zakufa zinkauka m'manja mwawo. Iwo anali mkulu wa komiti ya kapela. Anagwidwa usilikali ali mnyamata m'masiku a nkhondo, ndipo kufikira ukalamba wawo, chimanga chikathetheka mu phale ankayamba ayang'ana kumene kuli ngalande. Mzati wachiwiri unali a Teodora, Mdula Michombo, Manja Osanjenjemera, mzamba wopuma ntchito, amene theka la mudzi linaona nkhope yawo lisanaone dzuwa. Iwo ankatsogolera amayi a pa kapela. Awiriwa anali pachisewere, chifukwa Pita, mwana wa a Sozinho, anakwatira Benedita, mwana wa a Teodora, ndipo kwa zaka zisanu ndi ziwiri ankapatsana moni mogwira chigongono.

Tsono chiyambi cha tsoka chinali chotere. Amuna a a Teodora, a Arcanjo, anadzitema ndi nkhwangwa pa msongolo, ndipo miyezi itatu inatha bala lisakupola. Mkuluyo anakana za chipatala, analetsanso akazi awo kuuza anthu. Kunja kunkamveka zoti miyendo yangowuma ndi chisanu. Pa nthawiyo kunkabwera sisitere wina wa ku Brazil, Irima Márcia, amene Chinyanja chake chonse chinali "zikomo" ndi "ndakhuta." Tsiku lina mapemphero atatha, a Teodora anamukokera kuseri kwa kapela ndi kunong'ona kuti, "Irima, bala. Bala lalikulu. Tithandizeni." Anatambasula manja kusonyeza kukula kwake. Irima anaseka, anaomba m'manja nati, "Bala? Sim, sim! Muita bala!" A Teodora anabwerera kwawo mtima uli m'malo, akuyembekezera nsalu zomangira ndi mankhwala.

Lachisanu masana, Pita, Mphepo ya pa Kalomwe, wakabaza amene ntchafu zake zinakwezapo matumba atatu a feteleza pa chitunda osatsika, anafika ndi bokosi lalikulu, kasha yomatidwa mbali zonse. Anaitula pakhonde la kapela nati, "Irima agula pa malire. Akuti isatsekulidwe mpaka abwere okha Lamulungu." Pambali pa kashayo panali zilembo zakuda, zolembedwa ndi dzanja la Irima: BALA.

A Sozinho anawerenga. Anawerama, anaigwedeza pang'ono, ndipo m'katimo munachita wayawaya. Pomwepo Mwini Pampu anabwerera m'mbuyo mapazi asanu ndi awiri, anakweza dzanja, nalankhula ngati kazembe pamaso pa gulu lake.

"Akhristu anzanga, chotsani ana! Ine liwu ili ndinalisenza pamutu kuchokera ku Tsangano kukafika kumene sindifuna kukutchula. Pa Chipwitikizi, bala ndi chipolopolo. Munthu wina woipa mtima wanamiza Irima, wamusinthira katundu pa malire. Tikaitana apolisi, atimanga tonse, kuyambira ine. Mawa m'mawa kasha iyi ikalowa m'chitsime chakale cha kudimba, ndipo tikwirirapo ndi miyala."

A Teodora anamanga chitenje chawo kawiri, chizindikiro chimene amayi onse ankachidziwa.

"Asewere, ndimakulemekezani. Koma kasha iyi ndinaitanitsa ndine, ndi pakamwa panga, m'chinenero chimene ndinayamwa. Bala ndi chilonda. Muli mankhwala umu. Zikulirazo ndi mapiritsi. Amene akufuna kuiponya m'chitsime ayambe waponya ine."

"Mapiritsi a yani? Akudwala ndani?"

Apa Manja Osanjenjemera anazemba funsolo, pakuti anali atalonjeza amuna awo. "Mudzi susowa odwala," anayankha motero.

Pita, poona kuti bambo ake ndi apongozi ake atuzulirana maso, anavula chipewa nayesa kuponya madzi pamoto. "Pepani akuluakulu, ine ndimayendako ku Dedza. Kumeneko bala ndi malo omwera mowa. Mwina ndi timabotolo ta vinyo wa pa Misa."

"Khala chete!" anatero onse awiri, ndipo aka kanali komaliza kuti agwirizane tsiku limenelo.

"Ndi bala!" anakuwa a Teodora. "Bala! Bala!"

Benedita, amene anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, anali akufika kumene ndi ndowa pamutu. Anaima, anagwira mimba yake, nati mwamantha, "Amayi, pompano? Nthawitu sinakwane."

Anthu anaseka, koma akazembe awiriwo sanaseke. Anayesa kuimbira Irima atakwera pa chulu chimene foni imagwirira, koma ya Irima inali yotseka. Anatumiza Benedita kukafunsa a Arcanjo, amene ankadziwika kuti amasunga mawu a makolo, ndipo iye anabwera ndi yankho lakuti, "Akuti agogo awo, Angoni enieni, akati bala ankatanthauza kuti werenga. Ndiye akuti tsekulani muwerenge zili m'katimo, musiye kusokosa." Koma uphungu wa munthu wogona pamphasa sukhala ndi miyendo. A Sozinho anati kutsekula n'kudziitanira maliro. A Teodora anati sangaphwanye mawu a Irima. Kasha inalowetsedwa m'kapela, ndipo pachitseko panaikidwa maloko awiri, lina la Mwini Pampu, lina la Mdula Michombo.

Mudzi unagawika ngati chigumu. Amuna amene anali ndi njinga zofuna kukonzedwa anapita mbali ya a Sozinho. Amayi onse amene anachirapo m'manja mwa a Teodora anapita mbali inayo, pamodzi ndi amuna ochepa odziwa kumene chakudya chawo chimachokera. Pita, wokhala pa chikamwini, anauzidwa ndi bambo ake kuti magazi ndi magazi, anauzidwanso ndi apongozi ake kuti denga ndi denga. Iye anakakhala pa chitsa pakati pa njira, akupukuta sipoko imodzi kwa maola atatu.

Loweruka kutacha, chisanu chidakali mbuu pa udzu, a Sozinho anafika ndi wilibala, atavala chijasi chawo chachikulu, pampu ili m'chiuno ngati lupanga. Loko la a Teodora silinawavute, pakuti ndani angatsekere kunja munthu amene anakulira m'zitsulo? Anayala bulangeti m'wilibalamo, anagoneka kasha ngati khanda, nayamba kutsetsereka kulowera kudimba, amuna khumi ndi awiri akuwatsata patali ndithu, chifukwa kulimba mtima kwawo kunali kwa mtunda wautali.

Koma pamene njira imapanikizika pakati pa munda wa kachewere ndi mitengo ya mapichesi, anapeza khoma. Amayi makumi awiri anali ataima phewa ndi phewa, malichero ali pachifuwa ngati zishango, ndipo patsogolo pawo panali a Teodora, manja ali m'chiuno.

"Patukani, asewere!" anafuula a Sozinho. "Ndikupulumutsa zidzukulu zanu!"

"Tulani, asewere! Mukukwirira moyo wa munthu!"

"Ine ndinaona zimene bala limachita!"

"Ine ndimaliona tsiku lililonse!"

Atatero, a Teodora anagwira mphuno ya wilibala. A Sozinho anakokera kwawo, a Teodora kwawo. Olemba mbiri amasiyana pa zimene zinatsatira: ena amati Mwini Pampu anaterereka pa mame, ena amati Mdula Michombo anasiya dala. Chimene onse amavomereza n'chakuti wilibala inapulumuka m'manja mwa onse awiri, inathamanga yokha pa mtsetse, inadumpha mzere woyamba wa kachewere, inadumpha wachiwiri, ndipo pa wachitatu inagwa chamutu. Kasha inauluka m'mwamba, inatembenuka kawiri, n'kugwera pafupi ndi a Teodora, amene anali ataithamangira.

Amuna khumi ndi awiri aja anagwa chafufumimba m'ngalande. Amayi anamwazikana, malichero ali pamutu. Koma a Sozinho, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi limodzi, amene kwa moyo wawo wonse ankathawa phokoso la chimanga, sanathamangire ku ngalande. Anakankhira a Teodora kumbali, nadziponya pamwamba pa kashayo ndi mimba yawo, atatsinzina, akufuula kuti, "Yesu, Mariya, Yosefe!"

Kasha inaphulika ndithu, koma ndi kulemera kwa Mwini Pampu. Inangoti phwaa! Kenaka kunali zii. Kunkangomveka gudumu la wilibala likuzungulira lokha m'mwamba.

A Sozinho anatsekula diso limodzi. Pansi pawo, m'mbali mwawo, mpaka m'mizere ya kachewere, munali timapepala tonyezimira, tofiira, tobiriwira, tachikasu. Pita anatola kamodzi, anakafundukula, ananunkhiza, nakaika pa lilime.

"Bambo," anatero, "ndi marebusadu. Maswiti."

Chiseko chimene chinabuka pamenepo chinamveka mpaka ku Lifidzi. Amuna anatuluka m'ngalande akudzikuntha matope, aliyense akunena kuti iye ankadziwa kale. Koma a Teodora sanaseke. Anagwada, anapisa manja m'kashamo mpaka pansi, anafufuza ngodya zonse zinayi. Munalibe nsalu, munalibe piritsi ngakhale limodzi. Anakhala pa mzere, ndipo mayi amene sanalirepo pamaso pa anthu anaphimba nkhope ndi chitenje.

A Sozinho anadzuka, bondo lawo likuchucha magazi pamene anakhulika pa mwala, nakhala pambali pawo.

"Asewere, akudwala ndani?"

"Anzanu. Mwendo ukununkha. Anandiletsa kunena."

"Miyezi ingati?"

"Itatu."

A Sozinho anaimirira, anatsimphina mpaka kunyumba ya a Arcanjo, analowa osaodira, navundukula bulangeti. Zimene anakambirana amuna awiriwo palibe anazimva bwino, kupatula mawu a Mwini Pampu akuti, "Ine ndagonera maswiti pamaso pa mudzi wonse, ndipo sindinafe ndi manyazi. Inu mufa nawo?" Dzuwa lisanafike pamutu, a Arcanjo anali atakhala pa mtsamiro kumbuyo kwa njinga ya Pita, mwendo utamangidwa pa thabwa, ulendo wa ku chipatala ku Ulongwe. A Sozinho ankapalasa pambali ndi pampu yawo, a Teodora ali pa keriyala yawo, atagwira chijasi cha mdani wawo. Achipatala anakalipa kwambiri, koma anati mwendo sudulidwa.

Lamulungu Irima Márcia anafika pa njinga yamoto, napeza kasha yophwanyika ili pa guwa. Katekisita atamumasulira zonse, anafiira nkhope, anagwira pakamwa, nafotokoza kuti kwawo ku Brazil bala ndi switi, ndipo iye ankaganiza kuti agogo akupemphera ana maswiti. Anagwada pamaso pa a Teodora nanena Chinyanja chake chonse: "Zikomo. Ndakhuta." A Teodora anamudzutsa, namuphunzitsa pomwepo liwu lachitatu, lakuti "pepani."

Ndipo pangano la mtendere linalengezedwa pakhonde la kapela, anthu onse ataimirira. Linati kuyambira tsiku limenelo, aliyense wotchula liwu lija m'mudzimo aziloza ndi chala chimene akutanthauza: kaya mwendo, kaya mimba, kaya njira ya ku Dedza. Ana anafola nalandira maswiti atatuatatu. Kenaka akazembe awiri aja anaima pamaso pa khamu, aliyense anafundukula switi imodzi n'kudyetsa mnzake, amayi akululuta, mabelu a njinga makumi atatu akulira pamodzi.

A Teodora anamung'unya yawo mwaulemu, monga achitira munthu wodziwa zinthu. Koma Mwini Pampu, Wowongola Zopindika, sanali munthu womung'unya. Analuma. Kunamveka kuti khwa! ndipo dzino lawo la chibwano, limene linapirira chimanga chokazinga cha ku usilikali ndi nzimbe za zaka makumi asanu, linagwera m'dzanja lawo.

Limeneli ndilo linali mtembo wokhawo wa nkhondo yonseyi. Analikulunga m'kapepala kofiira ka switi, analinyamula pa lichero amuna anayi, kwaya ikuimba pang'onopang'ono, nakaliika pansi pa mtengo wa mapichesi. A Teodora ndiwo anaponya dothi loyamba. Atatero anatembenukira kwa asewere awo, anawagwira chibwano ndi manja awo osanjenjemera, nati, "Yasamulani ndione." Ndipo ngwazi ya Angoniya inayasamula.