Banga la M'chipinda cha Kumbuyo

Lolemba
Amayi akubwera Lamulungu kuchokera ku Ekwendeni, adzakhala nafe kuno ku Area 25 mpaka bondo lawo lipole. Chipinda chopanda munthu ndi chimodzi, cha kumbuyo, chimene mwininyumba wakale ankakonzeramo mainjini. Pansi pali banga lakuda la oyilo, lalitali ngati munthu wogona cham'mbali. Matailosi sagwira pa oyilo. Dongosolo:
1. Kupala, kutsuka, kuumitsa.
2. Kuyala pepala lakuda lapulasitiki lotchinga chinyezi, m'mphepete likwere khoma.
3. Simenti pamwamba pake, masentimita asanu.
4. Matailosi.
Izi ndinaphunzira ku koleji. Palibe chovuta.

Lachiwiri
Che Saidi, mmisiri wathu, aima pakhomo nthawi yaitali. "Bwana, injini yakeyo inali ndi mapewa?" Sindikuseka.
Tatsuka katatu ndi sopo waufa. Banga langowala. Ndamata kachidutswa ka pulasitiki pakona ndi tepi, mawa ndione ngati pansipa pakutuluka thukuta.

Lachitatu
Kunsi kwa kapulasitiki kwauma bwinobwino. Koma banga lonse lanyowa! Denga silikudontha, ndakwera ndaona. Paipi sinadutsepo. Ndalawa ndi chala, sindikudziwa chifukwa chake. Mchere.
Amayi a Nyirenda, oyandikana nafe, kudzera pampanda, za mwininyumba wakale uja: "Bambo aja sanatsanzike aliyense. Ngakhale galimoto yonyamula katundu sitinaione." Ndikufunsa kumene anapita. Akupitiriza kuyanika zovala.

Lachinayi
Mbaula ziwiri m'chipinda mpaka pansi pauma. Tayala pepala. Pokumana mapepala ndasanjikiza masentimita khumi ndi asanu, ndayeza ndekha, tepi kawiri. Che Saidi akulambalala pakati ngakhale paphimbika. Simenti mawa.
Ndisanatseke chitseko ndikuona pepala latukumuka pakati. Likukwera, likutsika. Mphepo, ndithu. Ndatseka zenera. Likukwerabe.

Lachisanu
Kunsi kwa pepala kuli madzi! Ndipo tepi ya pakona yamatulidwa ndi zala za munthu. Ndaitana nyumba yonse.
Mayi a Tiwonge, mkazi wanga, osaphethira n'komwe: "Mumafuna apongozi anga agone pa chinthu chosapempherera?"
Kuyambira Lachiwiri akhala akuwaza madzi amchere opemphereredwa, ochokera ku mapemphero a azimayi kwa Amayi a Nyirenda. Chigubu chathunthu tsiku lililonse. Ine kuumitsa, iwo kunyowetsa! Ndafotokoza modekha kuti mchere umakoka chinyezi.
"Eya, ndiye ukukoka zoipazo."
Komabe mtima wakhala pansi. Chilichonse chili ndi chifukwa chake. Ndafunsanso za kutukumuka kwa pepala dzulo. Akuti dzulo anathira nditagona kale, za kutukumukazo sakuzidziwa.
Tsiku latayika.

Loweruka
Mbaula kachiwiri. Pepala latsopano. Chigubu ndabisa m'galimoto. Simenti yathiridwa, chitseko ndakhoma, kiyi ali m'thumba langa.
Matailosi aiwalike, simenti imafuna masabata kuti iume. Mawa ndingoyala matabwa ndi kapeti.
Che Saidi, akusamba m'manja: "Yanga yathera apa, bwana. Wa matailosi mupeze wina, wolimba mtima." Tiyi akana.
Dzuwa lisanalowe ndasuzumira pazenera. Simenti ikuyera mbali zonse, kupatula pakati. Pakati padakali pakuda. Ndi zotheka: mwina simenti yachuluka pamenepo, mwina mthunzi wa papaya. Ndatsekula, ndatambasula tepi yoyezera kuchokera pakhomo.
Banga lija linali lalifupi kuposa apa. Latsopanoli ndi msinkhu wanga ndendende.

Lamulungu
Amayi afika ndi basi ya masana. Palibe wawauza kanthu, ndinalumbiritsa nyumba yonse. Kapeti yaphimba ponseponse, bedi layalidwa, makatani atsopano.
Aima pakhomo ndi ndodo yawo. Akuyang'ana pakati pa kapeti. Aomba m'manja pang'onopang'ono.
"Odi. Odi kuno."
Akudikira. Tonse tikudikira. Kenako atembenuka: "Mwana wanga, sindingalowerere mwiniwake atagona."
Ndiye zakhala motere: Amayi atenga chipinda cha mwana wathu Tiwonge. Tiwonge wapita pabedi pathu ndi amayi ake. Pabalaza padzaza makatoni a matailosi. Pilo ndi bulangeti langa ndazipeza pakhomo la chipinda cha kumbuyo, zopindidwa bwino.
Chinyezi sichingadutse, zimenezo ndikutsimikiza. Pepala ndinayala molondola.
Ndavula nsapato. Ndaodira kaye.